Momwe kaliwu koti "oki" kanandizunzira ku Japan

Ndinafika ku Japan kumapeto kwa Seputembala 2022 kudzachita maphunziro a zaulimi m'tauni ina ya pachilumba cha Kyushu. Maphunziro anga anali a m'Chingerezi, choncho Chijapani ndinkachitenga mopepuka. Ndinkafuna chongondithandiza kupereka moni, kuthokoza ndi kumva mitengo m'sitolo. Ndisananyamuke ku Lilongwe ndinali nditaloweza zilembo za hiragana ndi katakana, komanso timawu ta nthawi toyamba ndi mai: mainichi ndiye tsiku lililonse, maishuu sabata iliyonse, maitsuki mwezi uliwonse, maitoshi chaka chilichonse. Ndinkadziwanso kunena kuti shuu ni nikai, kawiri pa sabata. Mumtima ndinkati nkhani ya "liti" ndi "kangati" ndathana nayo. Sindinkadziwa kuti kutsogolo kukundidikira kaliwu ka zilembo zitatu.

Titangoyamba sukulu anatiyeza m'thupi tonse obwera kumene. Zotsatira zitatuluka mu Novembala, panali poti ndikaonane ndi dokotala chifukwa magazi anga anali ochepa. Sizinandidabwitse. Vutoli ndinakhalapo nalo kumudzi, ndipo masitepe a nyumba yomwe ndinkakhala ankandisiya ndili wefuwefu. Ndinapita ndekha ku kachipatala kakang'ono ka pafupi ndi siteshoni. Mnzanga wina wa ku Kenya amene anakhalitsa ku Japan anadzipereka kundiperekeza, ine n'kukana. Ndinkafuna kudzionetsa kuti ndayamba kuima pandekha.

Dokotalayo anali bambo wachikulire, wolankhula pang'onopang'ono. Tinkamvana ndi Chijapani changa chothyokathyoka, Chingerezi chake chochepa, ndi manja. Atanena za mapiritsi owonjezera magazi, ndinagwira pamimba n'kukwinya nkhope, kumuuza kuti mankhwala oterewa ankandipweteka m'mimba kwathu. Anagwedeza mutu n'kuti, "Ja, ichinichi oki ni shimashou." Khutu langa linatola ichinichi, tsiku limodzi. Zotsalazo ndinangozimeza. Ndinamva kuti akunena piritsi limodzi pa tsiku, ndipo ndinayankha ndi mawu amene alendo ambiri amatipweteka ku Japan: "Hai, wakarimashita." Inde, ndamva.

Ku Japan dokotala nthawi zambiri sakupatsa mankhwala m'manja. Amakulembera pepala lotchedwa shohousen, n'kupita nalo kufamase ya panja, ndipo pepalalo limagwira ntchito masiku anayi okha, kuwerengera tsiku lomwe lalembedwa. Kufamaseko mayi wina anandipatsa envulopu yoyera yokhala ndi mapiritsi 14. Pamwamba pake panali 1日おき ndipo m'munsi 1回1錠. Analoza ndi cholembera, kuwerenga mokweza, kundiyang'ana m'maso. Ine ndinaona nambala 1 katatu, mtima n'kukhala pansi. Kwathu pa kapepala ka mankhwala amangolemba 1 x 1 kapena 2 x 3, ndiye ndinaganiza kuti izi ndi zomwezo zavala zilembo zachilendo. Ndikanangoloza foni pa envulopuyo kuti indimasulire, bwenzi nkhaniyi itathera pomwepo. Koma munthu safunsa njira pomwe akuganiza kuti akuidziwa.

Ndinamwa tsiku ndi tsiku. Pofika tsiku lachinayi nseru inali itandimanga. M'mawa uliwonse ndinkadzuka ngati ndakwera minibasi ya ku Ntcheu nditakhala kumbuyo pafupi ndi chigubu cha petulo. Kenako kudzimbidwa, ndipo chimbudzi chinada bii. Zakudazo ndinkadziwa kuti ndi chizolowezi cha mankhwalawa, koma kupotokola kwa m'mimba kunandilanda chilakolako cha chakudya. Ndinajomba m'kalasi kawiri. Amayi nditawaimbira anati, "Mwana wanga, n'zakudya zakozo, nsomba zosaphikazo." Ine n'kumavomera, mpaka ndinasiya kudya mpunga wa kukantini n'kumangomwa tiyi ndi buledi. Usiku wina ndinakhala pansi m'bafa ndikulira, kudzifunsa chomwe ndinadzera kudziko lozizira chonchi.

Patatha masabata awiri mapiritsi anatha. Ndinabwerera kufamase kuja kuti andipatse ena. Mayi uja anatsegula kabuku kanga ka mankhwala, kamene amati okusuri techou, momwe amamatamo kapepala ka mankhwala aliwonse omwe walandira. Anayang'ana deti, n'kuyang'ana envulopu yopanda kanthu, n'kundiyang'ana ine. "Mou nai n desu ka?" Atha kale? Kenako anatenga kalendala ya patebulo pake n'kuyamba kuzunguliza: Lolemba, kudumpha, Lachitatu, kudumpha, Lachisanu. Mapiritsi 14 aja anali a masiku 28. Dokotala anamva dandaulo langa, anandichitira chifundo pondidumphitsa tsiku, ine n'kukamwa mowirikiza.

Manyazi amene ndinamva sindingawafotokoze. Mayiyo sanandidzudzule, m'malo mwake anapepesa ngati wolakwa ndi iyeyo, zomwe zinandiwawa kwambiri. Anaimbira kuchipatala, ndipo ndinayenera kukaonananso ndi dokotala, kuyezedwanso magazi, n'kupuma kaye mankhwalawo kwa masiku angapo. Inshuwalansi ya boma ya Kokumin Kenko Hoken imakulipirira gawo lalikulu, iwe n'kupereka 30 pa 100 iliyonse, komabe ulendo wachiwiriwo unandidyera mayeni pafupifupi 3,000 omwe ndinasungira jekete ya nyengo yozizira. Mwayi wanga ndi woti anali mankhwala a magazi ndipo ndinangodwala m'mimba. Alipo mankhwala ena amphamvu amene amamwedwanso modumphitsa tsiku, oti kuwirikiza kwake si nkhani ya nseru chabe.

Tsiku lomwelo mayiyo anandilembera timawu tina pa kapepala, ndipo ndikanakonda ndikanatidziwa ndisanapondeko kuchipatala. Shokugo ndi ukatha kudya, shokuzen usanadye, maishokugo ukatha chakudya chilichonse. Koopsa ndi shokkan. Zilembo zake zimati "chakudya" ndi "pakati", ndiye mlendo amaganiza kuti amwe ali mkati mwa kudya, pomwe tanthauzo lake ndi pakati pa chakudya china ndi chinzake, pafupifupi maola awiri utadya. Analembanso kakujitsu, lomwe ndi liwu la m'mapepala lotanthauza chimodzimodzi ndi ichinichi oki.

Ndinatuluka m'famasemo nditagwira phunziro limodzi mwamphamvu: oki ndi kudumpha. Ndinalilemba pa pepala n'kumata pa firiji. Ndipo phunziro lomweli ndi limene linandigwetsa kachiwiri.

Mu Febuluwale 2023 tinali ndi soya m'nyumba yagalasi yolimiramo mbewu. Kafukufuku wake anali woona momwe masamba amachitira mbewu ikasowa madzi. Tinasiya kuthirira miphika ina kwa masiku angapo, ndipo panali tsiku limodzi lokha loti tiyeze masambawo kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo, mbewu zisanafote kotheratu. Mnyamata amene anali patsogolo panga m'maphunziro, amene kumeneko timamutcha senpai, anali ndi msonkhano ku Fukuoka tsiku limenelo, ndiye ntchitoyo anandisiyira ine. Pa bolodi analemba 1時間おきに, n'kuwerenga kuti ichijikan oki ni. Anandifunsa m'Chingerezi ngati ndamva. Ndinamwetulira. Kaliwu aka ndinali nditakalipirira kale ndi m'mimba mwanga, kakanandipusitsanso bwanji?

Ndinawerengera motere: ngati ichinichi oki ndi kudumpha tsiku limodzi, ndiye ichijikan oki ndi kudumpha ola limodzi. Ndinayeza 6 koloko, kudumpha 7, kuyeza 8, kudumpha 9, mpaka dzuwa kulowa. Ndinagwira ntchitoyo mosamala kwambiri, manambala olembedwa bwino, tsamba lililonse ndi chizindikiro chake. Pa maola odumphawo ndinkakhala pa benchi kumwa khofi wa m'chitini wotentha wa pa makina ogulitsa zakumwa, ndikudziyamikira.

M'mawa mwake senpai anatsegula pepala langa, n'kukhala chete nthawi yaitali. M'malo mwa mizere 13 munali mizere 7. Iye ankafuna kuona nthawi yeniyeni yomwe masamba amayamba kutseka timabowo take dzuwa likakwera, ndipo kusinthako kunagwera mu ola limene ine ndinali pa benchi. Soya uja anali atafota kale, kubwereza kunali kosatheka. Tinadzalanso, kudikira kuti amere ndi kukula kufika pa msinkhu womwewo. Masabata asanu anapita, ndipo lipoti limene senpai ankayenera kupereka chaka cha sukulu chisanathe mu Malichi linapita lopereweza. Sanandikalipire. Anangoti, "Daijoubu desu," palibe vuto, ndi nkhope yosonyeza kuti vuto lilipo. Aphunzitsi athu, Sensei, anandiitana n'kundiuza mofatsa kuti kuyambira tsiku limenelo malangizo onse ndiziwabwereza ndi pakamwa panga ndisanayambe ntchito. Ndikanakonda akanandilalatira, mwina zikanandipepukira.

Chimene chinandikwiyitsa n'choti sindinkaona pomwe ndalakwa. Lamulo ndinalitsata. Ndinayamba kuganiza kuti chilankhulochi chilibe mutu, kuti amangosintha matanthauzo momwe afunira.

Loweruka lotsatira ndinapita ku kalasi ya Chijapani yomwe anthu ongodzipereka amaphunzitsa alendo ku holo ya m'tauni. Mphunzitsi wanga anali mayi wopuma pantchito, wa msinkhu wa agogo anga. Ndinamuyalira nkhani zonse ziwiri, mwaukali ndithu. Anaseka mpaka kupukuta misozi, n'kutenga pepala. Pamwamba anajambula timabokosi tondondozana, n'kuika chizindikiro m'koyamba, kusiya kachiwiri, kuika m'kachitatu. M'munsi anajambula mzere umodzi wautali n'kuudula ndi timizere tating'ono motalikirana mofanana.

Anati oki amachokera ku mneni oku, kuika kapena kusiya, ndipo chimene amanena nthawi zonse ndi mpata womwe wasiyidwa pakati. Tanthauzo silisintha, chimasintha ndi chinthu chomwe ukuchitacho. Kumwa piritsi "Lolemba" kumatenga bokosi lonse la Lolemba, ndiye mpata wa tsiku limodzi ndi bokosi lonse la Lachiwiri, n'kudzamwanso Lachitatu. Koma kuyeza tsamba pa 6 koloko ndi kadontho chabe pa mzere. Ukasiya mpata wa ola limodzi kuchokera pa kadonthoko umafika pa 7 koloko. N'chifukwa chake basi yobwera juppun oki ni imabwera mphindi 10 zilizonse, ndipo mankhwala a rokujikan oki ni amamwedwa maola 6 aliwonse. Kenako anandiponyera funso: nanga nijuuyojikan oki, mpata wa maola 24? Ndinawerenga pa zala. Ndi tsiku lililonse. Maola 24 ndi tsiku limodzi n'zofanana kutalika, koma nijuuyojikan oki ndi tsiku ndi tsiku pomwe ichinichi oki ndi modumphitsa.

Ndili chiyang'anire pepalalo, maganizo anandithawira kumunda kwa bambo anga ku Kasungu. Kwathu kudzala chimanga njere imodzi pa phando timati Sasakawa, dzina lochokera ku Japan komweko. Mapando amatalikirana masentimita 25. Phando ndi kadontho, ndipo 25 ndi mpata wa pakati pa phando ndi linzake, palibe chodumpha. Koma bambo akati "nyemba udzale modumphitsa mzere umodzi", mzere ndi chinthu chathunthu, umausiya wonse n'kupita pa wachitatu. Ndinamufotokozera mphunzitsi uja, ndipo anawomba m'manja: nijuugo senchi oki ni pa mapando, ichiretsu oki ni pa mizere. Zinthu ziwirizi ndinakula ndikuzichita ndi khasu m'manja, kungoti kwathu timazitchula ndi mawu osiyana pomwe Chijapani chimaziphatikiza m'kaliwu kamodzi. Ndinakumbukanso mipando ya kuchipatala kuja, yomwe nthawi ya Covid anaimata mapepala kuti anthu azikhala hitotsu oki ni, kusiya mpando umodzi pakati. Ndinakhalapo pa mipando imeneyo tsiku lomwe ndinalandira mankhwala, yankho lili pansi panga.

Anandiphunzitsanso mnzake wa oki, yemwe ndi goto. Ameneyu ndi wofatsa. Amanena kutalika kwa chizungulire chonse, osati mpata: futsuka goto ni ndi masiku awiri aliwonse, zomwe zikufanana ndi ichinichi oki ni. Pa maola ndi mphindi awiriwa amagwirizana, ichijikan goto ni ndi ichijikan oki ni n'chimodzi. Pa masiku amasiyana: ichinichi goto ni ndi tsiku lililonse. Chinandisangalatsa n'choti goto akalembedwa m'kanji, zilembo za Chijapani zochokera ku Chitchaina, amagwiritsa chilembo chomwe chija cha mai, 毎, ndiye amene ndinkamuyesa mlendo anali m'bale wa timawu tomwe ndinaloweza ku Lilongwe. Goto amagwiranso pa zinthu zosakhudza wotchi, monga kisetsu goto ni, nyengo iliyonse, kapena kurasu goto ni, kalasi iliyonse payokha. Ndipo ngati chinthu chimachitika nthawi iliyonse pomwe china chachitika, popanda kuwerenga masiku, pamabwera tabi ni. Chiganizo choyamba chomwe ndinapanga chinali chakuti haha ni denwa suru tabi ni, nthawi iliyonse ndikaimbira amayi, amandifunsa ngati ndikudya.

Ndisananyamuke anandichenjeza chinthu chimene mabuku anga sananene. Anati malire a bokosi ndi kadontho si oonekera nthawi zonse, ngakhale kwa eni chilankhulo. Isshuukan oki ena amamva kuti modumphitsa sabata, ena sabata iliyonse. Masewera a Olimpiki ena amati amachitika yonen oki ni, pomwe wowerenga mabokosi anganene kuti zaka zodumphidwa ndi zitatu. Iye mwini anati akafuna kuti asamveke molakwika amathawira ku kanenedwe kosavuta kaja, yonen ni ichido, kamodzi pa zaka zinayi, futsuka ni ikkai, kamodzi pa masiku awiri. Kanenedwe kameneka ndinkakadziwa kuyambira tsiku loyamba. Ndikanangomufunsa dokotala uja kuti "Ichinichi ni ikkai desu ka?", kodi ndi kamodzi pa tsiku, bwenzi atandikonza pomwepo.

Kugwa kwachitatu kunali kwakung'ono, koma ndikutchule chifukwa aliyense wokhala ku Japan amakumana nako. Zinyalala kumeneko zimatayidwa mosiyanitsa, ndipo mtundu uliwonse uli ndi tsiku lake. M'dera lathu mabotolo ndi zitini ankatenga dai-ni ndi dai-yon suiyoubi, Lachitatu lachiwiri ndi lachinayi la mwezi. Ine ndinazisandutsa m'mutu kuti ndi kakushuu, modumphitsa sabata, n'kumangowerenga masiku 14. Zinayenda bwino mpaka Malichi 2023, mwezi womwe unali ndi Malachitatu asanu. Anatenga pa 8 ndi pa 22. Ine ndinatulutsa thumba langa pa 5 Epulo, pomwe tsiku lake linali pa 12. Madzulo ndinalipeza lili lokhalokha pamalo otayira, atalimata chipepala chochenjeza, ndipo ndinakwera nalo masitepe likulira ngwerengwere, aneba akusuzumira.

Kuyambira pamenepo ndinasiya kudalira galamala pa zinthu zomwe zingandipweteke. Ndimaiphunzirabe, ndipo mu Disembala 2023 ndinalemba mayeso a Chijapani otchedwa JLPT a gawo la N3, momwe timawu ngati timeneti timapezeka. Koma pamaso pa dokotala kapena mu labu ndimasandutsa lamulo kukhala madeti. Munthu akati oki, ndimafunsa kuti "Tsugi wa itsu desu ka?", kotsatira ndi liti? Kapena ndimatchula ndekha: "Kyou, asatte desu ne?", lero kenako mkucha, eti? Apa Chichewa chimandithandiza, chifukwa mawa, mkucha ndi mtondo zili ndi anzake enieni, ashita, asatte ndi shiasatte. Pa maola ndimati "Rokuji, shichiji, hachiji desu ka?", kodi ndi 6, 7, 8 koloko? Ndipo m'chikwama ndimayenda ndi kakalendala kakang'ono koti munthuyo azungulize yekha. Pa madeti samalaninso ndi yokka ndi youka. Loyamba ndi pa 4, lachiwiri pa 8, ndipo pa foni zimamveka ngati liwu limodzi. Palibe Mjapani amene anaonetsapo kutopa ndi mafunso angawa. Wa kufamase uja mpaka anayamba kundikonzeratu kalendala yozunguliza ndisanapemphe.

Soya wachiwiri uja atamera, Sensei analemba pa bolodi kuti tizithirira futsuka oki ni. Ndinakweza dzanja n'kufunsa ngati tikathirira Lolemba tidzathirirenso Lachitatu kapena Lachinayi. Senpai wanga anayankha msanga kuti Lachinayi, chifukwa masiku odumpha ndi awiri. Mtsikana wina wa chaka chachinayi, wobadwira ku Japan komweko, anatembenuka modabwa n'kunena kuti iye ankamva Lachitatu, ndipo chaka chathachi mbewu zake ankathirira choncho. Anakangana kwa mphindi zingapo, wina akuwerenga pa zala, wina akujambula timabokosi m'mphepete mwa kope. Sensei anawamvetsera, n'kutenga chofufutira, kufufuta futsuka oki ni, n'kulemba madeti asanu ndi limodzi motsatizana.